Angoni a Citsulo pa Thebulo la Masewela

Caka ciliconse, February akamayandikila kutha, ife a pa wailesi ya m'dela timakonza pulogilamu ya Nc'wala. Tsiku lina, tikusakila zithunzi zakale za impi za Mpezeni pa intaneti, tinagwela pa sitolo ya ku England yogulitsa Angoni. Inde, Angoni: tuanthu twacitsulo twa mamilimita 28, tofupikilapo kuposa cala cakumapeto, tonyamula zishango ndi mikondo, nthenga zili kumutu. Sitolo ina inali ndi Aila a ku Namwala, tsitsi lao lalitali losongoka lija, isusu, ataliumba bwinobwino. Poyamba tinaseka. Kenako tinakhala cete, cifukwa ena mwa ife tuzidole tumeneto ndi azigogo athu.

Tuanthu utu ndi twa masewela a nkhondo a pa thebulo, amene akuluakulu ambili ku Ulaya ndi ku America amakonda. Wosewela amagula tuasilikali tosapenta, penti, guluu ndi bulashi yaing'ono ngati nthenga ya nkhuku. Amatha milungu akupenta kamodzikamodzi. Pa thebulo amakonzapo mapili, mitsinje, mitengo ndi nyumba zaudzu. Pamafunikanso madayisi, tepi yopimila mtunda, ndi buku la malamulo lonena kuti gulu lililonse liyenda mtunda wotani, mfuti ifika pati, ndiponso kuti gulu lithawa likataya anthu angati.

Masewelawa anayambila ku usilikali weniweni. Mu 1824, Georg von Reisswitz anaonetsa akuluakulu a asilikali a Prussia masewela ochedwa Kriegsspiel, ndipo iwo anawatenga kuti aziphunzitsila maofesala pa mapu. Mu 1893, kampani ya William Britain ku London inayamba kuumba asilikali a mtovu a mphako mkati. Mtovu unkalowa wocepa, mtengo unatsika, ndipo ana ambili a ku Britain anayamba kusewela ndi magulu a nkhondo a ufumu wao. Onani caka cimeneco: ndi comwe asilikali a kampani ya Cecil Rhodes anagonjetsa Lobengula ku Bulawayo. Mu 1913, wolemba mabuku H. G. Wells anatulutsa Little Wars, buku la malamulo osewelela tuasilikali pansi m'nyumba ndi kamzinga ka sipulingi. Iye ankadana ndi nkhondo, ndipo ankaona kuti kuli bwino akulu azimenyana ndi zidole. Patangopita caka cimodzi, nkhondo yoyamba ya dziko lonse inabuka.

Mbali ya masewelawa yokhudza nthawi ya atsamunda inakula pambuyo pake. Mu 1979, Larry Brom wa ku America analemba malamulo ochedwa The Sword and the Flame, mmene asilikali a Britain amakumana ndi Azulu ndi mitundu ina. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, mmisili Mark Copplestone anaumbila kampani ya Wargames Foundry tuzidole twambili twa mu Africa, ndipo mndandanda wake anaupatsa dzina lakuti Darkest Africa, kutanthauza Africa wa mdima wandiweyani. Dzinalo lokha likuuzani amene waima pa khomo n'kumasuzumila mkati. Lelo makampani ambili a malonda amenewa ali mumzinda wa Nottingham.

Tsopano tiyeni tiike nkhondo ya kwathu pa thebulo limenelo. Carl Wiese, wamalonda wa ku Germany, anali ndi cikalata comupatsa ufulu m'dziko limene Mpezeni ankalamulila. Cikalataco cinagwela m'manja mwa North Charterland Exploration Company, imene inkakhulupilila kuti m'dzikomo muli golide. Mu January 1898, asilikali anabwela kucokela ku Nyasaland ndi mizinga ndi mfuti za ciwaya za Maxim. Impi zotsogoleledwa ndi Nsingo, mwana wa Mpezeni, zinagonja m'masiku ocepa. Nsingo anagwidwa n'kuombeledwa mu February. Midzi inatenthedwa, ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa, Mpezeni anamangidwa, ndipo anamwalila mu 1900. Tauni ya Fort Jameson, imene lelo ndi Chipata, inamangidwa pambuyo pa nkhondoyo. Nc'wala inaleka kucitika mpaka mu 1980.

Buku la malamulo lingathe kuonetsa mbali imodzi ya nkhaniyi molondola: kuti munthu wa mkondo ayenela kuoloka bwalo lonse asanafike pa munthu wa Maxim. Wosewela mbali ya Angoni amaphunzila msanga kuti kulimba mtima pakokha sikukwanila. Koma masewela amatha gulu limodzi likathawa. Osewela amagwilana canza, tuasilikali takufa tumadzuka n'kubwelela m'bokosi. Khola lopanda ng'ombe, msonkho wa nyumba umene unatsatila, anyamata opita kukagwila nchito ku migodi ya ku Southern Rhodesia, zonsezi madayisi saziwelenga. Komatu kwa anthu a kum'mawa, pamenepo m'pamene nkhani inayambila.

Citsanzo cina ndi 1918. Osewela amakonda kwambili Paul von Lettow-Vorbeck, mkulu wa asilikali a Germany amene anazemba adani ake zaka zinayi kum'mawa kwa Africa. Mu November 1918 analowa m'dziko lino, nalanda Kasama, ndipo anamva ali pa mtsinje wa Chambeshi kuti nkhondo yatha ku Ulaya. Anatula zida pa 25 November ku Abercorn, Mbala wa lelo. M'masitolo mupeza maasikali ake ndi a King's African Rifles, zipewa ndi mfuti zao zili ndendende. Amtengatenga nawonso amagulitsidwa, koma pa thebulo nthawi zambili amakhala katundu wolimbilana, osati anthu a maganizo ao.

Cikhalileco, nkhondo ija inayenda pa mitu ya amtengatenga. Njanji inathela kutali ndi malile a kumpoto, conco ufa, mcele ndi zipolopolo zinkayenda pa mapazi ndi m'mabwato odutsa m'madambo a Bangweulu. Munthu ankasenza makilo oposa 20, ndipo pa ulendo wautali ankadyako cakudya comwe wasenzaco, n'cifukwa cake ankafunika anthu oculuka zedi. Mafumu ankakakamizidwa kupeleka amuna, minda inasowa olima, njala ndi matenda zinalowa m'midzi. Cipilala ca ku Mbala cikumbutsa amtengatenga a Northern Rhodesia oposa 1,400 amene anafa pa nchitoyo.

Tisanamizile osewela onse kuti ndi onyoza. Ambili amawelenga kwambili asanagwile bulashi. Chris Peers, amene analemba malamulo a Death in the Dark Continent, analembanso mabuku a mbili ya magulu a nkhondo a mu Africa, ndipo m'masewela ake mafumu a kuno amatha kumenyana okhaokha popanda mzungu pa thebulo. Wopenta Aila amafuna kudziwa mmene anathamangitsila Emil Holub mu 1886. Apa m'pamene pamatiwawa. Munthu wa ku Nottingham angafotokoze kavalidwe ka impi, pamene ife a ku Kapata, Matero ndi Chawama timadziwa osewela onse a Arsenal koma Nsingo timangomumva pa Nc'wala.

Kodi tiitanitse tuzidole tumeneto? Amene ali ndi ndalama angatelo, koma mitengo ili m'mapaundi, kuwonjezapo yotumizila. Ife tiona kuti zipangizo tili nazo kale. Tinakula tikuumba ng'ombe zadothi ndi kupinda mamotoka a mawaya. Zotsekela mabotolo zimene timasewelela dilafuti zingakhale magulu a nkhondo, katoni ingakhale linga, ndipo aliyense wodziwa nsolo adziwa kale kuwelenga mayendedwe a mnzake. Za kavalidwe ndi zida, kuli Livingstone Museum, Moto Moto Museum ku Mbala, Nsingo Community Museum kufupi ndi Chipata, ndi National Archives ku Lusaka. Koposa zonse kuli agogo, amene anamva nkhanizi kwa agogo ao. Ajambuleni pa foni akali moyo.

Cofunika kwambili si citsulo kapena penti, koma buku la malamulo, pakuti wolemba malamulo ndiye amasankha cimene ciwelengedwa. M'malamulo athu, wopambana mu 1898 angakhale amene wapulumutsa ng'ombe zambili ndi ana ambili kupita nawo kumapili. Mu 1918, wosewela angakhale nyakwawa imene boma lafuna amuna 30 nthawi yobzala, ndipo iyenela kusankha wopita ndi wotsala. Yesani kusewela zimenezo ndi anzanu madzulo amodzi, muone ngati padzakhala woseka.

February akubwelanso. Amene mudzapita ku Mtenguleni, yang'anitsitsani zishango, zikopa ndi nthenga, mufunse akulu tanthauzo la ciliconse. Mukabwelako, dothi lilipo kuseli kwa nyumba.