Munda wa Tunduru mu Mzinda wa Maputo: Maina Ake, Kugwa Kwake ndi Kukonzedwanso Kwake

M'nkhani ino tifuna kulongosola mbiri ya malo ena a pakati pa mzinda wa Maputo, m'dziko la Mozambique, amene m'Chipwitikizi amatchedwa Jardim Tunduru. Ife ofufuza zinenero timakonda kunena kuti dzina la malo ndi mboni ya mbiri. Zimenezi n'zoona, koma mbiri ya munda uwu isonyeza kuti kusintha dzina ndi ntchito ya tsiku limodzi, pamene kusunga malo ndi ntchito ya tsiku lililonse.

Poyamba tiyenera kumvana pa mau. Liu lakuti jardim lilibe linzake lenileni m'Chicheŵa. Munda ndi pamene timalima chakudya. Dimba ndi pamene timabzala ndiwo zamasamba m'chilimwe, pafupi ndi madzi. Bwalo ndi pamene anthu amasonkhana kudzamva milandu, kuvina ndi kucheza. Jardim imabzalidwa ndi kuthiriridwa ngati dimba, koma sakololamo kanthu, ndipo anthu amapitako kukakhala pamthunzi monga achitira pabwalo. M'nkhani ino tigwiritsa ntchito liu lakuti munda, ngakhale kuti matanthauzo ena aŵiriwo tiwafunanso.

Munda wa Tunduru udayambidwa m'chaka cha 1885, ndipo amene adaulinganiza ndi Mngelezi wina wodziŵa za mitengo ndi maluŵa, dzina lake Thomas Honney. Nthaŵi imeneyo Lourenço Marques, monga momwe Apwitikizi ankatchulira malowa, lidali doko laling'ono la m'mphepete mwa madambo a udzudzu. Koma lidakula msanga. Mu 1887 lidapatsidwa ulemu wa mzinda, mu 1895 njanji yopita ku Transvaal idatsegulidwa, ndipo mu 1898 likulu la dziko lidasamutsidwira kumeneko kuchokera ku Ilha de Moçambique. Mundawo udakhala chonyadira cha likulu latsopano.

Atsamunda adaupatsa dzina la Vasco da Gama, woyenda panyanja amene adadutsa m'magombe a Mozambique mu 1498. Mu 1924, pokumbukira kuti papita zaka 400 chimwalirire iye, adamanga chipata chachikulu chokongoletsedwa motsata kamangidwe kakale ka ku Portugal. Dzina ndi chipatacho zinkanena poyera kuti malowo mwini wake ndani. Mzinda udali wogaŵidwa paŵiri: mbali ya nyumba za simenti, kumene kunkakhala Azungu, ndi mbali ya nyumba za bango, kumene kunkakhala anthu akuda olankhula Chironga ndi Chichangana. Malamulo a ziphaso ankachepetsa kuyenda kwa anthu akuda m'mbali ya simenti, kumene ambiri ankaloŵako ngati antchito basi. Choncho mundawo udali wosamalidwa bwino, koma sudali bwalo la anthu onse.

Ufulu utabwera pa 25 June 1975, maina ambiri adasinthidwa. Mu 1976 mzinda udatchedwa Maputo, ndipo miseu yake idalandira maina monga Patrice Lumumba ndi Vladimir Lenine. Munda nawo udatchedwa Tunduru. Ili ndi dzina la boma lina la kumwera kwa Tanzania, m'chigawo cha Ruvuma, kumene kuli Ayao ambiri, abale a Ayao a ku Niassa ndi a ku Mangochi. Kumeneko chipani cha FRELIMO, chimene chidakhazikitsidwa ku Dar es Salaam mu 1962, chidali ndi msasa wolerera ndi kuphunzitsa ana m'zaka za nkhondo yomenyera ufulu. Tiyenera kuona kuti liu la Chipwitikizi lakuti jardim lidatsala, ndipo pambali pake padaikidwa dzina lochokera kutali kumpoto. Dzinalo lidasankhidwa chifukwa cha mbiri ya nkhondo ya dziko lonse, osati chifukwa cha chinenero cha eni dera.

Koma dzina latsopano silidathe kuthirira mitengo. Nkhondo yapachiŵeniŵeni, imene idatha ndi pangano la mtendere losainidwa ku Rome pa 4 October 1992, idasaukitsa dziko ndi kudzaza mzinda ndi anthu othaŵa kumidzi. Ndalama zosamalira maluŵa zidasoŵa, ndipo ngakhale mtendere utabwera, mundawo udakhalabe wosiyidwa kwa zaka zambiri. Njira zake zidakumbika, nyumba yolereramo zomera zanthete idaonongeka, zinyalala zidachuluka, ndipo anthu ena adayamba kuopa kudutsamo. Chipata chidatseguka kwa aliyense panthaŵi imene m'katimo zosangalatsa zinkatha.

Ntchito yokonzanso idayamba mu 2013, motsogozedwa ndi khonsolo ya mzinda mothandizana ndi makampani ena, ndipo mundawo udatsegulidwanso mu December 2015. Zimene zidachitika zidali ntchito wamba: kukonza mpanda ndi njira, kubwezeretsa madzi, kumanganso nyumba ya zomera ija, ndi kuika mipando. Chipata cha 1924 sichidagwetsedwe, ndipo dzina lakuti Tunduru silidasinthidwe. Patsogolo pa chipatacho pali chifanizo cha Samora Machel, mtsogoleri woyamba wa dzikolo. Motero mbiri ziŵiri zimene zidali pa udani zaima pamalo amodzi.

Umboni waukulu wa kuukanso kwa munda uwu ndi anthu amene amabweramo. Akwati amafika ndi abale awo, akuimba, kudzajambulitsa zithunzi. Ana a sukulu amaŵerenga pamthunzi. Mileme yodya zipatso imalendeŵera m'mitengo italiitali. Malo amene adali dimba la anthu oŵerengeka adasanduka bwalo.

Mizinda ina ya chigawo chathu chino idayenda njira yofanana. Ku Harare, Cecil Square idatchedwa Africa Unity Square pambuyo pa mgwirizano wa 1987. Tikamalemba mbiri ya maina otere, tisamalekeze pa tsiku limene chikwangwani chidasinthidwa. Tizifunsanso kuti amasesa ndani, amalipira madzi ndani, ndipo amaloledwa kukhala pansi ndani. Mayankho a mafunso ameneŵa ndiwo amatiuza ngati dzina latsopanolo lidakwaniritsa lonjezo lake.