Raketi ya Arthur Ashe

 Nkhani yathu ya lero ndi ya masewera a tenisi. Akuluakulu ambiri akumbukira kuti masiku a atsamunda, pamene Chipata anali Fort Jameson, masewera amenewa anali a Azungu m'makalabu ao a pa boma ndi pa migodi. Nchito ya munthu wakuda inali kusesa bwalo, kulemba mizere yoyera ndi kutola mipira. Tsono lero tikambe za munthu wakuda amene anatenga cida ca masewerawo m'dzanja lace, napambana naco akatswiri a dziko lonse lapansi. Dzina lace ndi Arthur Ashe.

Poyamba tidziwe cidaco. Comenyera mpira wa tenisi aticha raketi. Utali wace ndi pafupifupi masentimita 69, ndipo iri ndi mpini ndi mutu wozungulira, wolukidwa nsambo zopingasana monga ukonde. Kale raketi anali kuipanga ndi timatabwa topyapyala tomata pamodzi, ndipo kulemera kwace kunali kuyandikira magalamu 400. Bvuto la thabwa nlakuti limapindika likamwa cinyontho, cotero mwini wace anali kulipanikiza m'cipanikizo akatha kusewera. Nsambo zabwino koposa zinali za matumbo a nkhosa kapena a ng'ombe, oyanika ndi opota. Kampani ya Babolat ya ku France inayamba kuzipanga m'caka ca 1875. Nsambo zikakungika kwambiri, mpira umapita kumene mwini afuna, koma mphamvu imacepa. Zikakhala zolekerera pang'ono, mpira umauluka mwamphamvu, koma kuulamulira nkobvuta. Katswiri aliyense amasankha makungidwe ace, monga woyimba ng'oma amaiwamba pamoto kufikira ilire monga afunira iye mwini.

Arthur Ashe anabadwa pa 10 July 1943 mu mzinda wa Richmond, ku Virginia, m'dziko la America. Kumeneko malamulo anali kulekanitsa akuda ndi oyera m'masukulu ndi m'mabwalo a masewera momwe. Atate ace anali woyang'anira Brook Field, malo osewerera anthu akuda okha, ndipo nyumba yao inali pomwepo. Amai ace anamwalira iye ali wa zaka 6. Mnyamatayo anali woonda, wosayenera masewera ogundana, tsono anayamba tenisi ali wa zaka 7, pophunzitsidwa ndi Ron Charity. Pambuyo pace anapita kwa Dr. Robert Walter Johnson wa ku Lynchburg, dokotala wakuda amene anathandizanso Althea Gibson, mkazi wakuda woyamba kupambana cikho ca osewera mmodzimmodzi ku Wimbledon, m'caka ca 1957. Dokotalayo anali kulangiza ana ace kuti asakangane ndi woweruza, ndi kuti mpira ukagwa pokayikitsa pafupi ndi mzere, aupereke kwa mnzaoyo, pakuti anadziwa kuti mwana wakuda akapsa mtima pabwalo la Azungu adzamtsekera kunja. Kudekha kumene Ashe anachuka nako kunacokera kumeneko.

M'caka ca 1963 iye anakhala munthu wakuda woyamba kusankhidwa m'gulu loimira America pa mpikisano wa maiko wa Davis Cup. M'caka ca 1968 anapambana mpikisano waukulu wa US Open, atagonjetsa Tom Okker wa ku Holland. Koma mphotho ya madola 14,000 sanaione. Inapita kwa Okker wogonjayo, cifukwa Ashe anali msilikari, ndipo anali asanalowe m'gulu la osewerera ndalama. Atacoka ku usilikari m'caka ca 1969, tenisi inakhala nchito yace yodyera, ndipo m'caka ca 1970 anapambananso mpikisano waukulu wa ku Australia.

Nthawi yomweyo kampani ya Head inaturutsa raketi ya mtundu watsopano, nailemba dzina lace, Arthur Ashe Competition. Kampaniyo inayamba ndi kupanga matabwa amene anthu a ku maiko ozizira amamanga kumapazi potsetsereka pa mapiri a cisanu, ndipo luso lomwelo analitengera ku raketi: aluminiyamu mbali iyi ndi mbali inayo, pakati ataikapo pulasitiki ndi ulusi wa galasi. Raketi yotere sinali kupindika ndi cinyontho, ndipo inali kumdyetsa Ashe, popeza kampaniyo inali kumlipira cifukwa ca dzina lace.

Ndi cida cimeneci m'manja, Ashe anadza kuno ku Africa. M'caka ca 1970, pamodzi ndi mnzace Stan Smith, anayendera Kenya, Tanzania, Uganda, Nigeria, Ghana ndi dziko lathu lino la Zambia, kusewera pamaso pa anthu ndi kuphunzitsa ana. Caka cotsatira, 1971, ali ku Yaoundé m'dziko la Cameroon, anaona mnyamata wa zaka 11 amene kamenyedwe kace kanamdabwitsa. Anampatsa raketi, nauza Philippe Chatrier, mkulu wa tenisi ku France, kuti mwanayo aphunzitsidwe. M'mera mpoyamba: mwanayo anali Yannick Noah, amene anapambana mpikisano waukulu wa ku Paris m'caka ca 1983. Koma boma la South Africa linamkaniza Ashe kulowa, m'zaka za 1969 ndi 1970, cifukwa ca kudzudzula kwace tsankho. Linamlola m'caka ca 1973, ndipo iye anasewera ku Johannesburg, napita kukaceza ndi anthu a ku Soweto.

Tsono tifike pa tsiku lalikulu, 5 July 1975, pa bwalo la udzu la Wimbledon ku London. Ashe anali ndi zaka 31. Mdani wace, Jimmy Connors, anali ndi zaka 22 zokha, ndipo ndiye anali mwini cikho, atacitenga caka cathaco. Connors, munthu wamanzere, anali ndi raketi ya citsulo, Wilson T2000, imene anaiyambitsa René Lacoste wa ku France. Ndi citsulo cimeneco iye anali kubweza mpira wamphamvu ndi mphamvu yoposa. Ukammenyera kolimba, wadzikumbira dzenje wekha. Anafika tsikulo asanataye cigawo ngakhale cimodzi, ndipo anthu ambiri anati Ashe adzacita manyazi.

Moyo wace wonse Ashe anali womenya mwamphamvu, koma tsikulo anasintha. Anayamba kupereka mipira yofewa, yotsika, yoseseleka pa udzu, makamaka ku dzanja lamanzere la Connors, kumene mpira wotsika unali kumbvuta. Poyambitsa mpira anali kuukhotetsera kunja kuti mnzaceyo acoke m'bwalo. Connors akathamangira ku ukonde, Ashe anali kuukweza mpira pamwamba pa mutu wace. Citsulo cija cinasowa mphamvu yobwereka. Pa nthawi yopuma Ashe anali kukhala pampando ali cete, maso ali citsinzinire. Zoona, kuona maso a nkhono nkudekha. Anapambana 6-1, 6-1, 5-7, 6-4, ndipo kufikira lero palibenso mwamuna wina wakuda amene watenga cikho cimeneco ca osewera mmodzimmodzi.

Nthenda ya mtima inamgwira m'caka ca 1979, ndipo analeka kusewera m'caka ca 1980. M'caka ca 1985 anamangidwa ku Washington pa cionetsero cotsutsa tsankho la ku South Africa. Magazi amene anampatsa kucipatala m'caka ca 1983 anali ndi kacirombo ka HIV. Iye anaulula za matendawo m'caka ca 1992, nayamba kuphunzitsa anthu za Edzi poyera. Anamwalira pa 6 February 1993 ali ndi zaka 49. Bwalo lalikulu la US Open ku New York, limene linatsegulidwa m'caka ca 1997, liri ndi dzina lace.

Pakati pa akatswiri, maraketi a thabwa, a citsulo ndi a aluminiyamu anatha. A masiku ano ndi a ulusi wa kaboni, opepuka, a mitu yaikulu. Inu amene mumagwira makina pansi pa mgodi mudziwa kuti cida cabwino cimafunika, komanso kuti mwini cida ayenera kudziwa pofunika mphamvu ndi pofunika kuleza. Ndipo inu a m'makalabu amene muli ndi raketi yakale yogona pansi pa bedi, kumbukirani za Yaoundé. Ana a ku Nabvutika ali ndi maso akuthwa ndi miyendo yaliwiro monga a kwina konse. Cimene asowa ndi cida, bwalo, ndi munthu wamkulu woti awaone akusewera. Tsalani bwino nonse.