Uchi, Shuga ndi Zitsononkho m'Dziko la Mwanza

Masiku amakedzana, sitolo zisanamangidwe m'mbali mwa msewu wopita ku Zobue, anthu a ku Mwanza akafuna chotsekemera ankachipeza ndi thukuta, pakuti mlenje ankatsata nsadzu m'nkhalango monga ya Thambani kufikira mbalameyo itamuonetsa mphako ya njuchi, ndipo wina ankasenda khungwa la mtengo, nalipachika pamphanda kuti likhale mng'oma, nadikira miyezi asanapite kukafula ndi muuni wa udzu wofuka utsi, njuchi zikumuluma m'manja ndi m'khosi. Ana ankatafuna misale ndi nzimbe za kudimba, ndipo pambuyo pake anadza manachesi amene atchukitsa bomali. Zonsezi zinali ndi nyengo yake, ndipo nyengo ikatha, pakamwa pankapuma.

Zinthu zinatembenuka pamene kampani ya Lonrho inatsegula minda ya nzimbe ku Nchalo, kumene fakitale ya SUCOMA inayamba kupanga shuga mu 1966, kufikira Illovo inatenga ntchitoyo mu 1997. Chimene kale chinali cha alendo olemekezeka chinasanduka cha m'mawa uliwonse, mu tiyi, m'phala ndi m'thobwa. Ndipo popeza chakudza sichiimba ng'oma, kubooka kwa mano ndi matenda a shuga zinalowa m'midzi mwakachetechete, chinthu chimene chimandimvetsa chisoni ndikaona ana aang'ono atagwira tsaya.

Kutsidya kwa nyanja akatswiri anali atapeza kale chotsekemera china chotchedwa xylitol, chimene Emil Fischer wa ku Germany anachitulukira cha m'ma 1890, ndipo anthu a ku Finland anachigwiritsa ntchito shuga atasowa pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. M'zaka za m'ma 1970 ofufuza a mumzinda wa Turku anaonetsa kuti ochidya m'malo mwa shuga mano awo sankabooka msanga, chifukwa tizilombo ta m'kamwa sitingathe kuchisandutsa asidi wodya dzino. Komanso sichikweza shuga wa m'magazi mofulumira. Amachitenga ku mitengo ya birch, koma chochuluka lero chimachokera ku zitsononkho za chimanga, zomwezo zimene amayi a ku Mwanza amasonkhezera moto akatha kutonola, ngakhale kuti ntchito yochitulutsamo ndi ya fakitale, yosatheka pamafuwa.

Komatu tisachiyese mana wotsika kumwamba. Wochidya mopitirira amatsegula m'mimba, galu akachidya angathe kufa, ndipo mu 2024 ofufuza a ku Cleveland Clinic ku America anapeza kuti chikachuluka m'magazi chingathandize magaziwo kuundana, zimene zimaopseza mtima. Kuno kwathu chimafika kwambiri m'chingamu ndi m'mankhwala otsukira mano, ndipo mtengo wake ndi woti mlimi wogulitsa manachesi pamsewu sangachiyike mu tiyi wa banja lake.