Kukonzekera ulendo wautali wa panjinga ku Chitungwiza

CHITUNGWIZA - Munthu wokhala ku Zengeza kapena ku St Mary's amene amapita kuntchito ku Harare panjinga amapalasa makilomita pafupifupi 25 m'mawa ndi enanso 25 madzulo. Pa masiku asanu a ntchito amakhala atayenda makilomita 250, mtunda umene opalasa ambiri a m'makalabu a masewera saukwanitsa pa sabata. Komabe munthu yemweyo akayamba ulendo wa makilomita 120 tsiku limodzi, kawirikawiri mphamvu zimamuthera ora lachitatu lisanathe. Miyendo yake ndi yolimba ndithu, koma thupi linazolowera kugwira ntchito ora limodzi kapena kupitirira pang'ono, kenaka n'kupuma ndi kudya. Ulendo wautali umafuna thupi limene laphunzira kukhala pachishalo maola 5 kapena 6, likudya ndi kumwa njinga ikuyenda.

Tauni ya Chitungwiza inakhazikitsidwa m'chaka cha 1978 pophatikiza madera a Seke, Zengeza ndi St Mary's. Ili ndi anthu oposa 350,000, ndipo mwa iwo muli mabanja ambiri amene makolo awo anachokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique. Njinga si yachilendo m'tauniyi. M'zaka za 2007 ndi 2008, pamene mafuta a galimoto anasowa ndipo mtengo wokwerera makombi unkakwera mosayembekezereka, antchito ambiri anadalira njinga kuti akafike ku Harare kudzera mumsewu wa Seke Road. Zambiri mwa njingazo zinali zolemera, za giya imodzi, zonga za akabaza a ku Malawi. Njinga ya mpikisano ya pamsewu wa phula ndi yosiyana: imalemera makilogalamu 8 mpaka 11, ili ndi matayala owonda, mahandulo opindikira pansi ndi magiya ambiri.

Maulendo amene opalasa amakonzekera

M'dziko la Zimbabwe, umodzi mwa maulendo odziwika ndi Tour de Great Dyke, umene unayambitsidwa ndi wailesi ya YAFM ya ku Zvishavane. Opalasa akhala akunyamukira ku Selous ndi kudzera ku Chegutu, Kadoma, Kwekwe, Gweru ndi Shurugwi mpaka ku Zvishavane, makilomita oposa 300 pa masiku atatu. Ulendowu umatsata dera la migodi kumene Amalawi ambiri anagwirako ntchito m'zaka za atsamunda. Ku South Africa kuli Cape Town Cycle Tour, wa makilomita 109, umene unayamba mu 1978 ndipo umachitika m'mwezi wa March. Umodzi mwa maulendo aatali otchuka a anthu wamba ndi Paris-Brest-Paris wa ku France, wa makilomita 1,200, umene umachitika zaka zinayi zilizonse ndipo wopalasa ayenera kuumaliza m'maola 90. Amene akufuna kulowamo amayamba wamaliza maulendo a makilomita 200, 300, 400 ndi 600 m'chaka chomwecho.

Maulendowa ndi osiyana kutalika, koma kukonzekera kwake n'kofanana, ndipo kwa munthu amene amapalasa kale tsiku ndi tsiku kumatenga masabata 12 mpaka 16.

Liwiro loyenera

Cholakwa chachikulu cha oyamba kumene ndicho kuthamanga tsiku lililonse. Wasayansi ya zamasewera Stephen Seiler, amene waphunzitsa kwa zaka zambiri ku Norway, anaunika mmene akatswiri a masewera ofuna kupirira amakonzekerera, ndipo anapeza kuti pafupifupi magawo 80 mwa magawo 100 a zokonzekera zawo amazichita paliwiro lofatsa. Gawo lotsalalo ndilo lolimba. Kupalasa kofatsa kwa nthawi yaitali kumachulukitsa timitsempha tating'ono ta magazi m'minofu ndi kuphunzitsa thupi kugwiritsa ntchito mafuta ake m'malo momaliza msanga shuga amene linasunga.

Kuyeza liwiro limeneli sikufuna makina. Ngati wopalasa angathe kucheza ndi mnzake, kunena chiganizo chonse osadukiza kuti apume, ndiye kuti ali paliwiro loyenera. Ambiri amachita nalo manyazi liwiro lotere, makamaka akawapitirira mnyamata wa njinga yonyamula nkhuni, ndipo amawonjezera mphamvu. Potero amatopa mokwanira kuti mawa lake alephere, koma osati mokwanira kuti liwiro lawo likule.

Kamodzi pa sabata, kapena kawiri kwa amene anazolowera, wopalasa amachita zolimba: mphindi 4 mpaka 8 akupalasa mwamphamvu pachitunda kapena pamsewu wowongoka, kenaka mphindi zingapo mofatsa, ndi kubwereza kanayi kapena kasanu. Miyendo iyenera kuzungulira maulendo 80 mpaka 90 pa mphindi, pagiya yopepuka. Anthu amene anakulira panjinga ya giya imodzi amakonda giya yolemera chifukwa ndiyo imawamveketsa kuti akugwira ntchito, koma paulendo wa maola 5 giya yolemera imapweteka mawondo.

Chitungwiza ili pamalo okwera mamita oposa 1,400 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere. Okhala kumeneko thupi lawo linazolowera, koma wochokera kumalo otsika monga ku Tete kapena ku Nsanje amamva phuma msanga m'masiku oyamba, ndipo ndi bwino kuti masiku amenewo aziyenda pang'onopang'ono.

Ulendo wautali wa pasabata

Chimene ulendo wa kuntchito sungapereke ndicho maola ambiri otsatizana. N'chifukwa chake tsiku limodzi pa sabata, Loweruka kapena Lamlungu, limasungidwira ulendo umodzi wautali. Opalasa a ku Chitungwiza ali ndi mwayi woti msewu wodzera ku Dema kulowera ku Hwedza umayambira pakhomo pawo, ndipo uli ndi magalimoto ochepa poyerekeza ndi wolowera ku Harare. Wozolowera makilomita 50 pa tsiku angayambe ndi 60 osaima nthawi yaitali, n'kumawonjezera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi sabata iliyonse. Sabata yachinayi iliyonse mtunda umachepetsedwa, chifukwa minofu imalimba panthawi yopuma ndi yogona. Amene amagwira ntchito yolemetsa ndi manja, kapena amapalasa kupita kuntchito masiku onse asanu, ayenera kuwerengera zimenezi ndi kusiya tsiku limodzi lopanda njinga.

Palibe chifukwa chomalizira mtunda wonse tsiku la ulendo lisanafike. Amene wakwanitsa magawo atatu mwa anayi a mtundawo, ndipo watsika panjinga akutha kuyenda bwinobwino, adzamaliza. Koma ulendo wa masiku atatu monga wa ku Zvishavane uli ndi vuto lakelake, lomwe ndi kudzuka tsiku lachiwiri miyendo ili yolema ndi matako akupweteka. M'mwezi womaliza, wokonzekera ayenera kuyesako masiku awiri otsatizana, mwachitsanzo makilomita 100 Loweruka ndi 70 Lamlungu.

Chakudya ndi madzi

Apa ndi pamene maulendo ambiri amaonongekera. Shuga amene thupi limasunga m'minofu ndi m'chiwindi amakwanira ora limodzi ndi theka kapena maola awiri a ntchito yolimba. Akatha, miyendo imafooka mwadzidzidzi, mutu umachita chizungulire, ndipo munthu amatha kulephera ngakhale kuwongolera njinga. Njala imabwera mochedwa, choncho woidikira amakhala atachedwa kale. Akatswiri a zakudya amalangiza magalamu 30 mpaka 60 a zakudya zopatsa mphamvu pa ora, ndipo mpaka 90 kwa amene anazolowera paulendo wopitirira maola awiri ndi theka. Nthochi imodzi yapakatikati ili ndi magalamu pafupifupi 25. Kudya kumayamba ora loyamba lisanathe, pang'onopang'ono, mphindi 20 kapena 30 zilizonse.

Timapaketi ta zakudya zapadera timene timagulitsidwa m'masitolo a njinga ku Harare n'todula, ndipo sitiposa kwenikweni zimene zili pamsika. Nthochi, mbatata yophika, buledi wopaka chiponde ndi jamu, mpunga wothira kamchere, zonsezi zimalowa m'thumba la malaya. Mahewu, amene amafanana ndi thobwa, amapereka madzi ndi mphamvu nthawi imodzi. Sadza, imene ndi nsima yomweyi, ndi yabwino usiku woti mawa n'kunyamuka komanso pofika, koma mbale yodzadza pakati pa ulendo imalemetsa m'mimba. Phala la m'mawa lidyedwe kutatsala maola awiri kapena atatu. Mimba nayo imaphunzira ngati miyendo, motero chakudya cha tsiku la ulendo chiyenera kukhala chimene chinayesedwa kale pa maulendo a Loweruka.

Madzi ofunika ndi theka la lita mpaka lita imodzi pa ora, malinga ndi kutentha. M'miyezi ya October ndi November, mvula isanakhazikike, dzuwa la masana limaotcha kwambiri ndipo opalasa amanyamuka kukungocha kuti pofika 11 koloko akhale atamaliza. Thukuta limatulutsa mchere, choncho paulendo wa maola ambiri botolo limodzi lizikhala ndi kamchere ndi shuga. Kumwa madzi okha mopitirira muyeso kumatsitsa mchere wa m'magazi, ndipo zimenezi n'zoopsa kuposa ludzu. Nkhani ya madzi ili ndi mbali inanso ku Chitungwiza. Mliri wa kolera umene unapha anthu oposa 4,000 m'dziko la Zimbabwe unayambira m'tauniyi mu August 2008, ndipo matendawa anabukanso m'dzikolo mu 2018 ndi mu 2023. Mabotolo azidzazidwa ndi madzi owiritsa kapena othira mankhwala, ndipo wopalasa adziwiretu malo odalirika owonjezera madzi m'njira.

Njinga ndi msewu

Njinga yogula kwa wina imene ikumukwana mwini wake ndi yabwino kuposa yodula yosamukwana. Poyeza chishalo, wopalasa amaika chidendene pa pedulo ili pansi, ndipo mwendo uyenera kuwongoka popanda chiuno kupendekera. Kupweteka kutsogolo kwa bondo kawirikawiri kumasonyeza chishalo chotsika, kumbuyo kwa bondo chishalo chokwera. Kabudula wa opalasa wokhala ndi kansalu kofewa pansi amachapidwa akangovalidwa kamodzi, chifukwa zilonda za pachishalo zimaimitsa anthu amene miyendo yawo ikadali ndi mphamvu. Pamisewu ya maenje, matayala a mamilimita 28 kapena 32 amapirira kuposa owonda kwambiri. Machubu awiri, pampu, zigamba ndi tizitsulo tochotsera tayala sizisiyidwa kunyumba.

Choopsa chachikulu ndi magalimoto. Mumsewu wa Seke Road makombi amaima ndi kunyamuka paliponse, ndipo m'mphepete mwa phula mumakhala mchenga ndi magalasi osweka. Chipewa chodzitetezera, malaya owala ndi nyali yofiira kumbuyo n'zofunika ngakhale masana. M'miyezi ya June ndi July kumachedwa kucha ndipo m'mawa kumazizira kwambiri, motero kudikira kuwala n'kwanzeru.

Kuyenda pagulu kumathandiza pa zonse ziwiri: oyendetsa magalimoto amaliona gulu msanga, ndipo wopalasa kumbuyo kwa mnzake amapulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena atatu a mphamvu zake chifukwa mphepo imamugwira wakutsogolo. Komatu luso lotsata tayala la mnzako pafupi, kusinthana kutsogolo ndi kulozerana maenje ndi dzanja limafuna kuphunzira pamsewu wabata.

Sabata yomaliza

Masiku 7 mpaka 10 omaliza mtunda umachepetsedwa ndi theka. Tcheni, mabuleki ndi matayala zimaonedwa sabata yonse isanathe, kuti chosinthidwa chiyesedwe. Amene akupita ku Zvishavane aziyang'anitsitsa mabuleki, chifukwa atangodutsa Shurugwi msewu umatsika phiri la Boterekwa mokhotakhota, ndipo opalasa amafikapo atayenda kale makilomita oposa 200, manja atatopa. Kutsika phiri kumayesedwa pasadakhale monga kukwera: manja pansi pa mahandulo, mabuleki onse awiri asanafike pokhota, ndi maso kutsogolo kumene msewu ukupita.