Benlomond ndi munthu mmodzi amene anatsala

Aphunzitsi anzanga ndi inu amene ndinakuphunzitsani mbiri, mukukumbukira kuti tikafika pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse timathamangira Hitler, Stalingrad ndi Hiroshima. Za amalinyero a sitima za katundu sitimanena kanthu, chonsecho ndi amene ankadyetsa Britain. Lero ndati ndilipireko ngongoleyo.

Sitima ya Benlomond inali ya kampani ya Ben Line ya ku Scotland. Mu Novembala 1942 inachoka ku Cape Town kulowera ku South America, ili yokha, popanda sitima zankhondo zoiperekeza. Pa 23 Novembala sitima ya Germany yoyenda pansi pa madzi, U-172, yomwe ankaitsogolera Carl Emmermann, inaiphulitsa ndi mabomba awiri. Inamira m'mphindi ziwiri zokha. Mwa anthu opitirira 50 amene anali m'menemo anapulumuka mmodzi, Poon Lim, mnyamata wa ku Hainan, China, woperekera zakudya.

Anapeza kathandala ka matabwa koyandama, kali ndi madzi, mabisiketi, shuga, chokoleti ndi tochi. Kusambira sankakudziwa bwino, choncho ankadzimanga chingwe pamkono kuopa kugwera m'nyanja. Zakudya zitatha anachotsa kawaya ka m'tochi n'kupanga mbedza. Anazulanso msomali pa thabwa, n'kuupinda kuti akolere nsomba zikuluzikulu. Madzi a mvula ankatchera pa chinsalu. Masiku ankawerenga pomanga mfundo pa chingwe, kenako anatopa nazo n'kuyamba kuwerenga miyezi.

Chimene chimandiwawa ine ndi ichi: sitima ina ya katundu inamudutsa pafupi, anthu akumuona, koma sinaime. Iye ankakhulupirira kuti anamusiya chifukwa anali Mtchaina. Ena amati oyendetsa sitima ankaopa kuti ndi msampha wa adani, pakuti sitima yoima inali yosavuta kuiphulitsa. Funso limeneli ndalipereka kangapo m'kalasi, ndipo ana sagwirizana.

Pa 5 Epulo 1943 asodzi atatu a ku Brazil anamupeza, atakhala panyanja masiku 133. Ankatha kuyenda yekha! Anagona m'chipatala ku Belém, kenako Mfumu George VI inamupatsa mendulo ya British Empire Medal. Anamwalira ku Brooklyn mu 1991. U-172 nayo inamizidwa ndi Amereka mu Disembala 1943, Emmermann atasamukira kale ku ntchito ina.