Za Njanje Imene Ana Amaisunga

Ife a ku Rumphi kuno, ambiri sitinaone sitima ya pamtunda ndi maso athu. Njanje inafika ku Blantyre m'caka ca 1908 kucokera ku Port Herald, kumene lero kuchedwa Nsanje, ndipo mu 1935 inafika ku Salima. Koma kumpoto kuno sinakwere konse. Makolo athu anaikwera popita ku nchito ku Harare ndi ku Joni, ndipo pobwera anatisimbira za liwiro lace ndi kulira kwace, kotero kuti tinaiyesa cinthu coopsa, coyenera amuna akuru okha. Cifukwa cace ndifuna kukuuzani, abale, mbiri ya njanje ina ya ku Ulaya, imene osunga ace ndiwo ana a sukulu.

Njanjeyo iri m'dziko la Hungary, m'mapiri a nkhalango a kumadzulo kwa mzinda wa Budapest. Nzeru yotere inayamba ku Soviet Union, kumene anamanga kanjanje ka ana ku Moscow mu 1932, ndi kena ku Tbilisi mu 1935. Itatha nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, a ku Hungary anatsanzirako. Anayamba kulambula njira mu April 1948, cigawo coyamba cinatsegulidwa pa 31 July caka comweco, ndipo njira yonse inatha mu 1950. Utali wace ndiwo makilomita 11.7, ndiko kunena mailosi 7 ndi pang'ono. Poyamba inachedwa Njanje ya Apainiya, pakuti ana ace anali a gulu la acinyamata la boma la Cikomyunizimu, limene linafuna kuwalera m'maganizo ace. Ulamuliro umenewo utagwa, dzinalo linasinthidwa mu 1990, nilikhala Gyermekvasút, ndiko kuti Njanje ya Ana. Boma linapita, koma nchito ya anawo anthu sanafune kuitaya. Ndipo mu 2015 buku la Guinness linailemba kuti ndiyo yaitali koposa mwa njanje zonse za mtundu wace.

Tsono tiyerekeze kuti banja lafika pa siteshoni ya Széchenyi-hegy tsiku Loweruka m'mawa, bambo ndi mai ndi ana ao awiri. Bambo apita pa zenera kukagula matikiti, napeza kuti wolandira ndalama ndiye msungwana wa zaka 12, amene aziwerenga bwino, nabweza zotsala osaphonya. Kunja kuli mnyamata wobvala zobvala za nchito ndi cipewa. Iye aona nthawi, nakweza cizindikiro cace, ndipo pomwepo sitima inyamuka. Ana ena atsala ciriri pambali, manja pa cipewa, kupereka ulemu. M'kati alowa wina kudzaona matikiti, ndipo nkhalamba za imvi zimpatsa ao mosanyinyirika. Sitima ikwera m'nkhalango, nipitirira m'mbali mwa phiri la János-hegy, lalitali koposa onse a mzindawo, la mamita 527. Pamenepo banja likhoza kutsika, kukwera ku nsanja ya pamwamba, kudya kamba wao, ndi kukwera sitima yotsatira kunka ku Hűvösvölgy, kumene njira ithera. Ulendo wonse, ukapanda kutsika, sukwana ora limodzi. Koma ana awiri aja sayang'ana mitengo ai. Maso ao ali pa anzao a msinkhu wao, amene akuru awamvera.

Musaganize kuti anawo angosiyidwa okha. Woyendetsa injini ndiye munthu wamkuru, ndipo pa siteshoni iri yonse pali wamkuru woyang'anira, pakuti moyo wa anthu suseweredwa. Ana olandiridwa ndiwo a zaka 10 kufikira 14. Ayamba aphunzira malamulo a njanje miyezi ingapo, nalemba mayeso. Atatero agwira nchito tsiku limodzi pa masabata awiri kapena kupitirirako pang'ono. Ndipo lamulo lalikuru ndi ili: mwana alandiridwa pokhapo ngati akhoza bwino m'sukulu. Nchito siimcotsa pa maphunziro, koma ikhala mphotho ya maphunziro ace.

Kapena wina adzati, izi nza kutali, sizitikhudza ife. Koma kumbukirani za kwathu komwe kuno. Dotolo Laws atakwera ku Khondowe mu 1894, sanamange sukulu ya mabuku okha. Pa Overtoun Institution anyamata anaphunzira kupala matabwa, kumanga ndi njerwa, kusindikiza mabuku ndi kuchaya lamya. Ndipo nchito zao sizinali zoseweretsa, pakuti m'nyumba zimene anamanga anthu anagonamo, ndi mabuku amene anasindikiza anawerengedwa m'midzi. Mu 1905 magetsi a mphamvu ya madzi anayaka pa phiri paja, ndipo anyamata a m'dziko muno anaphunzira kusamala makina ace. Anakula msanga m'nzeru cifukwa anapatsidwa kanthu koona m'manja, wamkuru ali pambali.

Ine ndaona comweci m'kalasi mwanga. Ndinali ndi mnyamata wosamvera, wofika mocedwa masiku onse, amene cikoti ca atate wace cinalephera. Tsiku lina ndinampatsa belu la sukulu ndi koloko, ndi kumuuza kuti iye akacedwa, sukulu yonse yacedwa. Kuyambira sabata imeneyo ndinampeza pakhomo ine ndisanafike.

Koma pano tiyenera kucenjera, pakuti nchito ya ana iri mitundu iwiri. Pali nchito imene ikuza mwana, ndipo pali ina imene imdya. Nyengo ya fodya ikafika m'cigwa ca Henga, mipando ina m'sukulu ikhala yopanda eni, ana ali m'munda kapena m'cigafa kusoka fodya kuyambira mbanda kuca. Ena atsata ng'ombe miyezi yathunthu osaona bolodi. Mwana wotere walemedwa, koma sanalemekezedwe. Atopa, koma sanaphunzire kanthu kakumthandiza m'tsogolo. Ana a ku Budapest apatsidwa tsiku limodzi, nchito yoyenera msinkhu wao, mphunzitsi pambali, ndi ulemu pamaso pa anthu. Masiku ena onse ali pa sukulu.

Njanje tiribe, ndipo kapena sitidzaiona msanga kuno. Koma tiri nalo belu, tiri nalo dimba la sukulu, mbuzi za pakhomo, ndi kabuku kolembamo za sitolo kapena za cigayo. Akuru anati, m'mera mpoyamba. Mpatseni mwana wanu kanchito kamodzi kakhale kace, mumuonetse macitidwe ace, mumfunse madzulo m'mene wayendera. Ndipo m'mawa belu likalira, mumlole apite.