Kope Limene Lidapezetsa Munthu Ntchito

Anzanga, tonsefe tikukumbukira makope athu a Physical Science ndi Biology aja: tsiku pamwamba, kenaka cholinga, zipangizo, zimene tachita, zimene taona, ndi mfundo yotsiriza. Ambiri tinkayesa chilango chabe. Komatu mwambo umenewu uli ndi mbiri yake, ndipo ndati ndikugawireniko.

Michael Faraday adabadwa m'chaka cha 1791 ku England, mwana wa munthu wosula zitsulo. Sukulu sadapite nayo patali. Ali ndi zaka 14 adayamba kuphunzira ntchito yosoka mabuku ku London, ndipo mabuku omwewo ankawawerenga akaweruka.

M'chaka cha 1812 mnyamatayu adapeza mwayi wokamvera maphunziro anayi amene katswiri wa sayansi, Humphry Davy, ankapereka ku Royal Institution. Faraday adalemba zonse zimene adamva ndi kuona, najambula zipangizo zake. Atafika kunyumba adazilembanso mwaukhondo, adasoka bwinobwino kukhala buku, n'kulitumiza kwa Davy pamodzi ndi kalata yopempha ntchito. Setifiketi adalibe, koma kopelo lidamuchitira umboni kuti ndi munthu womva, wodekha ndi wadongosolo. Mu Marichi 1813 adalembedwa ntchito yothandizira m'labotale.

Khalidwe limeneli sadalisiye. Pa 29 Ogasiti 1831 adalemba m'kope lake za mkombero wachitsulo umene adaukulunga ndi mawaya awiri osakhudzana. Polumikiza waya woyamba ku batire, magetsi adaoneka mu waya wachiwiri kwa kanthawi kochepa, ndipo adaonekanso podula. Apa mpamene padachokera nzeru ya thiransifoma, ndipo miyezi yotsatira adapezanso nzeru imene majenereta a ku Nkula ndi ku Tedzani amapangira magetsi. Ndime za m'makope ake ankaziika manambala, ndipo zidapitirira 16,000. Zimene zidakanika ankazilembanso, kuti asabwerere njira yotsekeka. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsono aphunzitsi athu akamatolera makope, si kalembedwe kokha kamene ankayang'ana. Mayeso amaonetsa zimene mwana wakumbukira tsiku limodzi, pamene kope limaonetsa m'mene wakhala akuganizira chaka chonse, ndi pamene adasokerera. Ine kuntchito kwanga m'boma ndimaona kuti wolemba malipoti omveka, kawirikawiri ndi uja adazolowera kulemba zimene waona, osati zimene akufuna zikadachitika.

Nkhawa yanga ndi iyi: pamene zipangizo zasowa, kope limasanduka mokoperamo za pabolodi. Mwana amalemba "zimene taona" chikhalirecho sadaone kanthu. Choncho pempho langa ndi lakuti pa msonkhano wathu ukudzawu tikambirane zogulira adzukulu athu a Fomu 3 ndi 4 makope achikuto cholimba, pamodzi ndi mabatire, mawaya ndi maginito. Si zamtengo wapatali, koma zidzawapatsa choona ndi cholemba.